Mantha Akwere Nawo

Ndaziona mwana wanga,

Ukapisa dzanja m'thumba la mkati la jekete lako latsopanoli, upeza kalatayi. Thumbalo ndalikulitsa dala kuti mukwane pasipoti, tikiti ndi mawu a bambo ako. Ndikulemba masana ano pakhonde la shopu, makina ndawafunditsa nsalu, ndipo makasitomala awiri ndawabweza kale. Wina amafuna ndimuchepetsere thalauza. Ndamuuza kuti, "Achimwene, lero telala kulibe, mwana wanga mawa akukwera ndege ya ku Japani." Iye akuti, "Japani wake uti?" Ndati, "Komwe kunachokera minibasi mwatsikayo!" Waseka, wapita ndi thalauza lake. Pofika pano Chitakale yense wamva, ngakhale amayi ogulitsa nanazi aja andipatsa moni kawiri.

Mtima wanga ukuvina tchopa, mwana wanga. Mdzukulu wa mayi wothyola tiyi, mwana wa telala wa pakhonde, kukaphunzira kuchiza nkhawa kutsidya kwa nyanja! Zoona mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ndakondwa, ndakondwa kwambiri, ndipo jekete limeneli ndalisita katatu ngakhale linalibe khwinya.

Koma m'mawa uja ndakumva. Ndimatenga madzi osamba kuseri kwa khitchini pamene umauza amayi ako kuti mtima ukukuthamanga, ndipo kwa masiku atatu chakudya sichikutsika. Unati, "Amayi, munthu wokaphunzira kuchiza nkhawa angakhale wankhawa chonchi? Mwina ndiwalembere kuti ndidzabwera chaka chamawa." Kenako ndaona kuti nsapato zako zakuda watulutsa m'sutikesi, wazibwezera pansi pa bedi. Pakamwa sindikanatha kukuyankha, ukundidziwa, ndikafuna kunena zamumtima ndimayamba kutsokomola. N'chifukwa chake ndatenga pepala. Chaka chamawa chimenecho ndikuchidziwa bwino, ndakhala nacho zaka zisanu ndi zinayi.

Uli folomu 3, minibasi yomwe ndinakwera pochokera kukagula nsalu ku Limbe inagubuduzika pafupi ndi Nkando. Izi ukuzidziwa. Ndinatuluka pawindo ndi kabala kakang'ono pachigongono, anthu n'kumati Mulungu ndi wamkulu. Chomwe sukudziwa bwino n'chakuti kuyambira tsiku limenelo, ndikangomva chitseko cha minibasi chikukhuluzika, mtima umagunda mpaka m'makutu. Ndinkati ndi bipi. Anandiyeza kangapo, bipi ili bwinobwino. Ndinapemphereredwa, ndinamwa mizu yowawa yomwe malume ako anabwera nayo kuchokera ku Muloza, koma chitseko chija chikangoti khwee, zonse zimabwerera. Ndiye ndinagula njinga. Nsalu ndinkatuma anzanga, maliro akutali ndinkatumiza chipepeso, ndipo aliyense wondifunsa ndinkamuuza kuti njinga ndi yabwino pa thanzi. Kulakwa kwanga koyamba kunali kumeneko, kubisa.

Tsiku lomwe unalandira pepala lako launamwino ku Blantyre sindinadwale malungo. Ndanena, pepa. Ndinadzuka m'mamawa, ndinavala suti ya bulauni ija, ndinafika mpaka pa siteji ndi amayi ako. Kondakitala atangoti, "Limbe awiri, Limbe awiri!" ine thukuta kamukamu. Ndinawauza amayi ako kuti mutu wandigwira. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kunena kuti, "Chabwino, bambo a Ndaziona, malungo anu ndikamuuza." Anakwera okha. Ine ndinabwerera kushopu n'kukhala tsiku lonse mu suti, osasoka kanthu. Chithunzi chomwe chili pakhoma kwathu, iwe mu gauni ndi amayi ako pambali, ndimachiyang'ana tsiku lililonse, ndipo mbali inayo pali mpata woti munthu wina akanaima. Ndinachita manyazi, ndipo mpaka lero ndimachita. Ndaziona, mantha sanandilande tsiku limenelo ayi. Ndinawapatsa ndekha ndi manja awiri.

Unali iwe amene unandikakamiza kupita kwa mlangizi wa za maganizo wa ku chipatala cha pa boma, poti kumeneko njinga imafika. Anali amayi aafupi, ovala magalasi, olankhula mosathamanga. Anandiuza kuti njira yomwe anaphunzira inachokera kwa azungu, ndipo siifuna jakisoni. Anajambula makwerero papepala. "Abambo, mantha amakula mukamawathawa," anatero. "Tiwayandikira pang'onopang'ono. Sabata yoyamba mudzingoima pa siteji, kuyang'ana. Yachiwiri mukhale m'minibasi yoima. Yachitatu mukwere kuchoka pa Chitakale kufika pa boma. Nthawi iliyonse mulembe kuti mantha ali pa nambala yanji, kuyambira ziro mpaka teni. Mulembenso chomwe mutu ukukuuzani, kenako tidzachifunse ngati chili choona." Ndinati, "Amayi, ine telala, manambala ndi tepi ndiye ntchito yanga." Ndinanyamuka ndili ndi kope latsopano m'thumba.

Sabata yachiwiri ija usaiwale, uzidzawauza anzako ku Japani akafuna kuseka. Ndinapita kwa a Mulipa, kondakitala wamtali uja amene ndimamusokera mayunifolomu a ana ake, ndikuwapempha kuti ndikhale nawo m'galimoto koma ndisapite kulikonse. Anandiyang'ana, kenako nkhope yonse inawala. "A telala, mwabwera bwino! Khalani pawindo pomwepo, anthu adziona ngati yatsala pang'ono kudzaza. Mawa mubwerenso, mubwere ndi anzanu odwala matenda omwewo." Ndiye kwa sabata yathunthu ndinali nyambo ya a Mulipa. Ndimakhala pawindo, kope pabondo, thukuta likutsika, ndikulemba eyiti, seveni, seveni, sikisi. Galimoto ikadzaza ndimatsika. Mayi wina wa dengu la nthochi anandikalipira kuti, "Inu abambo akuluakulu, kumatinamiza chonchi?" Ndinangoti pepani mayi, ndi mankhwala.

Ndipo njirayo inagwira, zimenezi ndisakunamize. Ndinakwera mpaka pa boma, mtima uli pa naini, pobwerera uli pa sikisi. M'kope ndinalemba kuti, "Igubuduzika," mlangizi n'kundifunsa kuti, "Yagubuduzika?" Ndinati ayi. Anati, "Lembaninso zimenezo." Patapita mwezi ndinafika mpaka pa Chonde, ndinatsika, ndinagula ulusi womwe sindinkaufuna, n'kubwerera ngati msilikali wochokera kunkhondo. Njira imeneyi ili ngati kuphika nyemba za kalongonda. Umawiritsa, kutaya madzi, kuwiritsanso, kutayanso, mpaka ululu utachepa. Imafuna nkhuni zambiri ndi munthu wosatopa, koma mapeto ake umadya.

Kulakwa kwanga kwachiwiri kunabwera ndi kope lomwelo. Ndinayamba kuyeza mantha tsiku lonse ngati ndikuyeza chiuno cha kasitomala. Ndikudya, ndili pa nambala yanji? Ndili m'tchalitchi, nanga pano? Ndikamafufuza mtima, mtimawo umayamba kuthamanga poona kuti ukufufuzidwa. Kenako ndinadziikira lamulo langalanga lakuti msewu wa ku Nkando ndidzaudutsa tsiku lomwe nambala idzafike pa ziro. Mlangizi sananenepo za ziro, anali maganizo anga. Iwo ankati, "Abambo, mantha akakhala pa nambala folo munthu amayenda." Ine ndinkavomera ndi mutu, n'kumalemba thuu pamene mtima uli pa sikisi, kuti amayiwo asangalale. Ataona manambala okongolawo anati tsopano sitepe yotsatira ndi Nkando. Sindinabwererenso kwa iwo. Ndikawaona pamsika ndimakhota n'kulowa kogulitsa matemba. Usadzanamize munthu amene akukuthandiza, Ndaziona, ndipo usadzadikire ziro, chifukwa ine ndamudikira zaka zitatu ndipo sanabwere.

Ndiye chaka chatha unandiimbira foni uja, mawu ako akudumphadumpha, utangomva kuti akutenga ku sukulu ya ku Japani. Unandifotokozera njira yawo yakale. Unati kumeneko kunali madokotala amene ankauza wodwala kuti asalimbane ndi nkhawa, asaikankhe, asaiyeze, aisiye ikhale mmene ilili, iye achite chomwe chikufunika kuchitika. Unati poyamba munthu amagona pabedi pafupifupi sabata, osawerenga, osacheza, osagwira kanthu, mpaka thupi lokha liyambe kulakalaka ntchito. Kenako amamupatsa tintchito topepuka, kusesa, kuthirira maluwa. Kenako zolemera, kulima, kuwaza nkhuni. Pomaliza amabwerera kwa anthu. Ndipo m'kope salemba za mtima wake, amalemba zomwe manja ake achita ndi zomwe maso ake aona tsikulo. Ndinamva zonsezo, koma khutu langa linagwira chimodzi chokha, chogona sabata.

Kulakwa kwachitatu ndi kumeneku, ndipo amayi ako sadzandikhululukira. Lolemba lotsatira ndinatseka shopu n'kugona. Sindinafunse munthu, iwenso sindinakuuze. Inali nthawi yoti sukulu zitsegulidwe, mayunifolomu ali mulu pa tebulo. Amayi ako analowa n'kufunsa kuti, "Mwadwala?" Ndinati, "Ayi, ndi mankhwala a ku Japani." Anaima pakhomo, manja m'chiuno. "Anzanu ku Japaniko amapanga magalimoto, inu mwasankhako kugona? Kodi mwana uja anakuuzani kuti nandolo kumunda azithyoka yekha?" Anandibweretsera phala tsiku loyamba. Lachiwiri analiika patali kuti ndidzuke. Lachitatu anakuimbira, ndipo unandikalipira ngati ndine mwana wa sitandade wani. Unati zimenezo zimachitika m'chipatala, dokotala akuyang'anira, ndipo masiku ano ambiri amatsata njirayo osagona n'komwe. Safunsa anadya phula, ine ndinadya phala lozizira.

Komabe, mwana wanga, m'kupusa kwangako ndinatolamo kanthu. Masiku awiri oyamba mantha anabwera onse, ngozi ija, suti ya bulauni, mayi wa nthochi, zonse. Ndinalibe kothawira, ndiye ndinangowasiya. Anakhala, anatopa, anachoka, anabweranso. Pofika tsiku lachinayi chomwe chinkandisowetsa mtendere sichinali mantha, anali makina anga. Mapazi ankapalasa okha pansi pa bulangete. Ndinadzuka, ndinatenga tsache, ndinasesa bwalo lonse mpaka kumpanda, amayi ako akundiyang'ana ngati aona mzukwa. Tsiku limenelo m'kope ndinalemba kuti, "Ndasesa. Mapeyala ayamba maluwa. Pa phiri pali mtambo umodzi." Nambala sindinalembe.

Sabata yomweyo kunabwera mtsikana wa ku Chonde ndi diresi laukwati lomwe telala wina analidula molakwika. Ukwati unali Loweruka, iye akulira. Nsalu yoterera, yodula, yoti ukalakwitsa kamodzi basi. Nditagwira sizasi manja anayamba kunjenjemera monga amachitira pa siteji. Kale ndikanaika sizasi pansi kudikira kuti mtima ukhale m'malo. Tsiku limenelo ndinati, njenjemerani, koma mzere wa choko ndi uwu. Ndinadula. Ndinasoka mpaka Lachisanu madzulo, mtima ukugunda, msoko ukuwongoka. Mkwatibwi anavina nalo diresilo, ndipo palibe anaona kuti linasokedwa ndi munthu wamantha. Ukumva, Ndaziona? Wodwala amene udzamugwire dzanja sadzafunsa ngati mtima wako unagunda pokwera ndege. Mwinanso adzakukhulupirira msanga poona kuti matendawo ukuwadziwa ndi thupi lako, osati m'buku mokha.

Apa m'pamene ndinakumbukira agogo ako, amayi anga, amene anathyola tiyi zaka zonse za mphamvu zawo. Chiperoni akatsika m'phiri, chifunga chili tolo, kamvula kakuwaza, zala zitauma ndi kuzizira, iwo ankamanga pulasitiki m'chiuno, dengu kumsana, n'kulowa m'munda. Sankatukwana chiperoni, sankamupempha kuti achoke, sankadikiranso kuti dzuwa lituluke. Masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, mpaka dengu litadzaza. Ndili mwana ndinawafunsa kuti, "Amayi, simukuzizidwa?" Anati, "Ndikuzizidwa kumene. Nanga tiyi akudziwa zimenezo?" Ukakafika kumeneko ukawauze aphunzitsi ako kuti njira yawoyo ku Mulanje inafika kale, kungoti sitinailembe.

Tsono ukandifunsa kuti yabwino ndi iti, ya azungu kapena ya ku Japani, ine telala ndiyankha mmene ndaonera pa thupi langa. Ya azungu imati yandikira chomwe ukuopa, pang'onopang'ono, ndipo mantha adzachepa. N'zoona, anachepa, ndinafika pa Chonde. Ya ku Japani imati achepe asachepe, si ntchito yako, iwe yang'ana chomwe chili patsogolo pako. N'zoonanso, diresi linatha. Yoyamba inandipatsa makwerero, koma ine ndinakhala pa sitepe yapakati n'kumayeza mtima. Yachiwiri inandichotsa maso pa mtima, koma ikanakhala yokha mwina bwenzi ndikusesa bwalo mpaka lero osayandikira siteji. Zimasiyana pa zoti mantha tiwatani, koma pa mapazi zimagwirizana, zonse zimati ayende. Iwe ukaphunzire zonse ziwiri bwinobwino, usakanyoze ya kuno chifukwa waona yatsopano. Amayi a magalasi aja anandithandiza kwambiri, wolakwa ndinali ine. Dzana ndinapita kukawapepesa ndi nanazi ziwiri, anaseka mpaka kuvula magalasi, ndipo akuti ukabwerako ukawaone.

Zina n'zazing'ono koma uzimve. Ukafika, ukadye chomwe akupatsa, ngakhale nsomba yosaphika yomwe unationetsa pa foni ija, ulaweko kaye usanakwinye nkhope. Usakachite manyazi kufunsa njira kawiri. Mtima ukakathamanga m'chipinda chako uli wekha, usakabise monga ndinachitira ine, ukauze munthu, mnzako kapena mphunzitsi, ndipo ngati pakufunika mlangizi upite, unamwino sutchinjiriza munthu ku nkhawa. Ukatero uchape malaya, usese, upite m'kalasi. Amayi ako uziwaimbira Lamlungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi, chifukwa akapanda kukumva amakalipira ine. Ukamatilembera uzitiuza zomwe waona, mitengo yakumeneko, mmene amasokera makolala, ngati phiri lawo lotchuka lija likufika pa lathuli. Jeketeli ndaika nsalu ziwiri mkati poti akuti kumazizira kuposa Juni wa kuno. Batani lapamwamba ndalilimbitsa kawiri, ndikudziwa umalipotokola ukakhala ndi nkhawa, wakhala ukutero kuyambira uli ku pulayimale. Lipotokole mmene ungafunire, silithothoka.

Tsopano imva nkhani yomwe yandichititsa kuti ndilephere kukhala pansi tsiku lonse. Ndisanayambe kulemba ndinapita pa siteji kukaonana ndi a Mulipa. Ndawauza kuti mawa m'mawa atisungire mipando itatu m'galimoto yoyamba ya ku Limbe. Akuti, "Itatu? Wachitatu ndani?" Ndati, "Ine." Akuti, "A telala, mukudziwa kuti yathuyi imadzera ku Nkando?" Ndati ndikudziwa. Akuti, "Ndiye ikadzaza mutsika ngati kale?" Ndati, "Ikadzaza mutseke chitseko." Anavula chipewa, Ndaziona, anavula chipewa pamaso pa anthu onse, n'kuitana dalaivala kuti adzamve yekha.

Usaganize kuti ndachira. Pamene ndikulemba mzere uno cholembera chikuterera ndi thukuta, ndipo ukafuna nambala ndikuuza mosanama kuti ndili pa seveni. Mawa pa Nkando mwina ndidzakhala pa teni. Ndidzatseka maso kapena ndidzagwira mkono wa amayi ako mpaka adzandikalipire. Koma suti ya bulauni ndaisita, yapachikidwa kuseri kwa chitseko, ndipo ulendo uno ikafika ku Chileka. Ndikufuna ndikaone ndi maso anga mwana wanga akulowa pa geti la ndege atavala jekete losoka ine. Ndikufunanso chithunzi china pakhoma paja, cha anthu atatu.

Ndiye bwezera nsapato zakuda zija m'sutikesi. Mtima wako ukagunda mawa, ugunde, wanganso udzakhala ukugunda pambali pako, tidzangokhala ngati ng'oma ziwiri za tchopa. Mantha ako ndi anga akwere nawo, a Mulipa sakana katundu. Koma ine ndikakhala pawindo paja galimoto n'kudzaza iwe kulibe, ndidzatsikanso, ndipo mayi wa nthochi uja adzakhala kuti ananena zoona. Usandichititse manyazi amenewo, mwana wanga. Tikadutse pa Nkando limodzi, kwinako ukapitirire wekha. Pobwerera usandidere nkhawa, msewu ndi womwewo ndipo ndidzakhala nditaudutsa kale kamodzi.

Mulungu akutsogolere kumene mapazi anga sangafike.

Ndine bambo ako,
telala wa pa Chitakale, wokwera minibasi kuyambira mawa.